Alonda 20, milungu 6, pansi pa simenti: ndiwaphunzitse chiyani?

Kochi wa karate, Kawale: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kampani ina ya alonda yandipatsa ganyu yophunzitsa anyamata 20 olondera ku Kanengo, milungu 6, kawiri pa mlungu. Bwana wawo waonera mavidiyo a UFC, mpikisano womenyana mu khola, ndiye wakakamira Brazilian jiu-jitsu (BJJ), ndewu yogwirana pansi, pamene ine BJJ ndinangoilawa. Pophunzirira pake ndi pa simenti. Dzulo wina wagwera chigongono, chatupa ngati peyala.

Wa nkhonya, Area 25: Jab ndi cross, nkhonya ziwiri zowongoka, basi, nkhani yatha. Wakuba sabwera kudzagubuduzika nawe pansi.

Wa BJJ, Area 47: Madala, mwaiwala 1993? Pa UFC yoyamba ku Denver, Royce Gracie wa makilogalamu pafupifupi 80 anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi. Woyamba anali wa nkhonya ngati inu, Art Jimmerson, amene analowa atavala gulovu imodzi. Atangomugwetsa n'kumukhalira pamimba, anagonja. Munthu amene sanagwiridwepo, akagwiridwa nkhonya zimamuthera.

Koma a Kochi, bwanayo ndikumutsutsa ngakhale BJJ ndi yanga. Mu khola lija munali anthu awiri okha, pansi pofewa, popanda chikwanje. Ku Kanengo usiku mbava sizibwera imodzi. Iwe wagona chagada wakola mmodzi ndi miyendo, mnzake akukuponda mutu. Ndiponso m'masiku 12 munthu sadziwa guard, kukola ndi miyendo kumeneko.

Mayi wa judo, Biwi: Mukukangana, koma BJJ ndi judo ndi ana a mimba imodzi. Jigoro Kano anatenga jujutsu yakale n'kuyambitsa judo ku Tokyo mu 1882. Mitsuyo Maeda, wophunzira wa ku Kodokan, sukulu ya Kano, anafika ku Brazil mu 1914 n'kuphunzitsa Carlos Gracie, ndipo BJJ inaphukira pamenepo. Ngakhale kimura, kapindidwe ka mkono, amene achimwene a ku Area 47 amamunyadirayo ndi ude garami wathu. Dzinalo linabwera Masahiko Kimura atathyola nawo mkono wa Helio Gracie mu 1951.

Kusiyana kuli pa kaphunziridwe. Jujutsu yakale ili ndi njira zabwino zopindira dzanja poperekeza munthu kunja kwa geti, koma ambiri amayeserera pa mnzawo wongopereka mkono mwaulemu. Chidakwa sichipereka mkono. Kano anapatula njira zoopsa kuti anthu azilimbana ndi mphamvu zonse pa randori, kulimbana koyeserera, osavulazana. Mlonda akufunika zimenezo: kuzolowera munthu amene akukana.

Ndikanakhala ine, milungu iwiri yoyamba ndi kugwa kokhakokha, chibwano pachifuwa, dzanja kumenya pansi, osatsamira chigongono. Kenako osoto gari, kugwetsa munthu pomusesa mwendo, mmodzi yekhayo mpaka azimulota, ndi kugwira mkono munthu ali chiimire.

Wa BJJ, Area 47: Ndavomera, mayi. Kwa ine tengani ziwiri: kudzichotsa munthu akakukhalira pamimba, ndi kudzuka dzanja limodzi likutchinga nkhope. Mlonda apite pansi mwangozi, osati mwadala.

Wa nkhonya, Area 25: Ndiye ine mwanditaya?

Mayi wa judo, Biwi: Ayi madala, aphunzitseni kutchinga mutu ndi kuyenda kwa mapazi. Koma zomenya ayi, mlonda akagulula munthu mano mlandu ndi wake. Zokanyanga pakhosi musaziphunzitse n'komwe, a Kochi. Ndiponso munthu akagonekedwa chafufumimba wina n'kumuika bondo pamsana, amabanika mpaka kufa. Akamugwira amukhazike pansi kapena amugoneke chammbali, aitane apolisi. Akaona chikwanje abwerere m'mbuyo, aimbe wezulo.

Kochi wa karate, Kawale: Zamveka. Nanga simenti ija? Ndalama ya tatami, mphasa zofewa zogwerapo, palibe.

Mayi wa judo, Biwi: Pitani kwa akalipentala ku Mchesi mukatenge utuchi. Khomani matabwa anayi ngati bokosi, thirani utuchi wokwana chikhatho kuya kwake, pondani bwino, yalani lona pamwamba n'kulikoka zolimba. Sefani kaye, mumakhala misomali. Ife tinayambira pamenepo.

Kochi wa karate, Kawale: Bwana ndimuuza kuti ndi jiu-jitsu ndithu, si bodza. Mayi, Loweruka mubwere mudzaonetse kagwedwe, ya minibasi ndi yanga. Ali ndi pikapu andithandize matumba a utuchi Lachisanu.

Wa nkhonya, Area 25: Pikapu ilipo. Mafuta anu.