Ndemanga za "zabwino, pitirizani" zandikwana, owerenga onena zoona ndiwapeza kuti?

Kadzidzi99

Moni nonse. Ndili ndi funso, mwina pano pali ena amene anadutsamo kale.

Ndikulemba buku langa loyamba. Ndi nkhani ya mlonda wa usiku pa nyumba yosungiramo katundu. Usiku wina akuona bwana wake weniweni akubwera ndi galimoto n'kutulutsa makatoni, ndipo kutacha amene akumangidwa ndi mnzake wolondera masana. Mlondayo zoona akuzidziwa, koma akangotsegula pakamwa ntchito yatha, pomwe kunyumba kuli mwana wodwala. Buku lonse lagona pamenepo, alankhule kapena akhale chete.

Mitu yoyambirira ndakhala ndikuiika m'gulu lina la alembi pa Facebook. Anthu alimo ankhaninkhani, koma ndemanga zake ndi zomwezomwezo: "zabwino", "pitirizani achimwene", "mutu wotsatira liti?", ndi tizithunzi ta moto. Poyamba zinkandikoma, pano zandikwana. Munthu mmodzi yekha ndiye analemba kuti mutu woyamba ukukoka. Nditamufunsa kuti ukukoka pati, zii mpaka lero.

Kodi anthu amene angandiuze mosabisa pomwe nkhani yafooka amapezeka kuti? Komanso mnzanga wina wandiopseza kuti nkhani ukangoiika pa intaneti waitaya, ati ena aiba ndipo mipikisano siilandiranso. N'zoona zimenezi?

Mayi_Cholembera

Achimwene, gulu limenelo silinakulakwireni. Mwangopita kwa owerenga kukafuna ntchito ya akonzi. Munthu amene akuwerenga pa foni ali pa mzere kapena asanagone sangakhale pansi kukulongosolerani chifukwa chomwe ndime yachitatu yalemera. Akasangalala aika moto, akatopa angodutsa osanena kanthu.

Magulu amene amakonzadi alembi onse ali ndi lamulo limodzi: usanalandire, upereke kaye. Pa tsamba la alembi la pa intaneti lotchedwa Scribophile sungaike nkhani yako usanapeze mapointi, ndipo mapointiwo umawapeza polemba ndemanga pa nkhani za ena. Critique Circle imayenda chimodzimodzi. Pa Reddit pali gulu lotchedwa DestructiveReaders, kumeneko ukafuna kuika mawu 2,000 uyambe waunika mozama nkhani ya wina ya mawu osachepera 2,000, ndipo oyang'anira amaona ngati unagwiradi ntchito kapena unangopaka mafuta. Malo onsewa ndi a Chingerezi, choncho buku la Chichewa silingathandizike kumeneko. Koma lamulo lakelo n'laulere, litengeni. M'gulu lanu lomwelo yang'anani anthu anayi kapena asanu amene amalemba mosadukiza, muwaitanire padera, mugwirizane kuti aliyense amatumiza mutu umodzi pa nthawi yake ndipo wosawerenga za anzake nayenso zake siziwerengedwa. Gulu likakula kupitirira pamenepo anthu amayamba kubisalirana, aliyense kuganiza kuti wina ayankha.

Ife m'kagulu kathu tinabwereka njira ya alembi amene anayamba kukumana ku Milford, Pennsylvania, ku America, mu 1956. Nkhani yako ikamakambidwa, iwe mwini wake umakhala chete mpaka onse atamaliza. N'zowawa, makamaka wina akamvetsa molakwa chinthu chomwe iwe ukuona kuti chili poyera, lilime limachita kuyabwa. Koma buku likadzatuluka simudzakhala pambali pa wowerenga aliyense kumufotokozera zomwe mumatanthauza. Ngati anthu atatu asochera pa malo amodzi, vuto lili pa pepala.

Ndiponso musamafunse kuti "mwaiona bwanji?" Funso limeneli yankho lake ndi "yabwino" basi, chifukwa palibe amene amafuna kukhumudwitsa mnzake. Funsani zomwe munthu angayankhe popanda kukunyozani. Munayamba kudumpha mizere pati? Pofika kumapeto kwa mutu, mumaganiza kuti mlonda achita chiyani? Ndi mpangankhani uti amene mwamuiwala kale? Mukawafunsa chonchi ngakhale aulemu amanena zoona osazindikira.

Zomwe anena muzimve, koma mosamala. Owerenga ali ngati wodwala, pomwe pakupweteka amalozapo molondola, koma mankhwala amene akupempha nthawi zambiri si omwewo. Akati "apa mupheko munthu kuti nkhani itenthe", chomwe mutengepo n'chakuti apo nkhani yazizira. Kupha munthu kapena kusapha, zimenezo n'zanu.

Mkonzi_Wopuma

Ndiyankhe za mnzanu uja. Theka wanena zoona.

Magazini ambiri ndi mipikisano yambiri amafuna nkhani yomwe sinatulukepo, ndipo kwa ambiri a iwo nkhani yoikidwa poyera pa intaneti, pomwe aliyense angaiwerenge, yatuluka kale. Ena amalekerera ngati inali pa tsamba lanu lokha, ena salekerera, ndiye werengani malamulo a mpikisano uliwonse musanatumize. Commonwealth Short Story Prize imafuna nkhani yosatulukapo ya mawu 2,000 mpaka 5,000, kulowa n'kwaulere, ndipo imalandira kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 1 Novembala. Caine Prize, yomwe inayamba kuperekedwa mu 2000, ndi yosiyana: imafuna nkhani yomwe yasindikizidwa kale m'Chingerezi, ndipo wotumiza ndi wosindikiza, osati mlembi. Kutumizirana m'kagulu kotseka ngati kamene anena amayi pamwambapa kawirikawiri sikuwerengedwa ngati kusindikiza. Ndiye nkhani yomwe mukuiyembekezera kuti idzapite ku mpikisano, isungeni kumeneko.

Za kuba, pansi pa pangano la Berne la 1886 loteteza umwini wa zolembedwa, lomwe mayiko ochuluka padziko analowamo, umwini wa zomwe mwalemba umayamba mukangozilemba, sizidikira kuti mukalembetse kwina. Chomwe chimatetezedwa ndi mawu anu ndi momwe mwalukira nkhani. Ganizo lokha la mlonda woona bwana akuba silitetezedwa, wina angalembe lake ndipo palibe mlandu. Sungani zolemba zanu zakale zonse zokhala ndi madeti, muzidzitumiziranso pa imelo, n'zokwanira.

Pa zaka zomwe ndinagwira ntchito yokonza zolembedwa, amene ndinkawaona akulira kawirikawiri sanali oberedwa nkhani. Anali amene analandira uthenga wokoma wakuti "buku lanu tilisindikiza, ingolipirani kaye ya kukonza ndi ya chikuto". Wosindikiza weniweni amalipira mlembi. Ngati mukufuna kudzisindikizira nokha n'zotheka ndipo si zamanyazi, koma pamenepo mukhale mukudziwa kuti mukugula ntchito, ndipo umwini wa buku usachoke m'manja mwanu.

Namsongole_Jr

Ine ndiye nditsutsako pang'ono, akuluakulu mundikhululukire. Musawapeputse anthu a "mutu wotsatira liti?" aja. Munthu wofunsa zimenezo wakuuzani chinthu chachikulu, kuti mwamugwira. Alembi angati ali ndi nkhani zosalala bwino zomwe palibe amene akuzidikira?

Ine ndimalemba mutu ndi mutu pa Wattpad, tsamba la pa intaneti loikapo ndi kuwerengerapo nkhani. Inayambira ku Toronto mu 2006, kampani ya Naver ya ku South Korea n'kuigula mu 2021. Chomwe ndimaikondera n'chakuti owerenga amaika ndemanga pa ndime iliyonse payokha. Ndiye umaona ndi maso kuti apa anthu akuwa, apa atukwana mpangankhani, apa masamba awiri athunthu palibe wanena kanthu. Pa Facebook panunso muli nazo zimenezi, ingoonani mutu womwe anthu anachepa. Kukhala chete kwawoko ndi ndemanga yomwe mukuisowayo.

Msampha wake ndi umodzi. Ukaika mutu wachiwiri poyera, anthu auwerenga kale, ndiye n'zovuta kubwerera kukausintha pamene wafika mutu wa 15 n'kuzindikira kuti bwanayo amayenera kukhala mlamu wake wa mlonda. Ndiye muzikhala patsogolo ndi mitu ingapo yolembedwa kale, kapena malizani buku lonse kaye. Anthu a NaNoWriMo kuyambira 1999 ankapikisana kulemba mawu 50,000 m'mwezi umodzi, womwe pambuyo pake unakhala Novembala, kutanthauza mawu 1,667 pa tsiku. Bungwe lake linatseka mu 2025 koma ambiri akuchitabe okha m'timagulu. Zotuluka pamenepo zimakhala zosasalala ndithu, koma umakhala ndi chinthu choti ukonze.

Tatiikirani ndime yoyamba pano tiione.

Kadzidzi99

Zikomo nonse, sindinayembekezere zonsezi. Ndime yake ndi iyi:

"Dzuwa linali litapendeka pamene anadzuka. Anadziwongola, n'kuyasamula, n'kupita kukasamba. Anali munthu wosauka koma wokhulupirika kwambiri, ndipo aliyense ankamudziwa kuti sakonda bodza. Atavala yunifolomu yake anatsanzika mkazi wake mwachisoni chifukwa mwana anali asakupeza bwino. 'Ndapita,' anatero modandaula."

Galimoto ya bwana imafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Mayi_Cholembera

Apo ndiye pomwe munthu uja amati pakukoka. Masamba asanu ndi atatu tikuperekeza munthu kubafa ndi ku ntchito, tisanadziwe chifukwa choti timutsatire. Inu monga mlembi munafunika kuwalemba kuti mumudziwe mlonda wanu, ndipo sanapite pachabe. Koma wowerenga muyambe naye pa geti, magetsi a galimoto akubwera pa ola lomwe sipabwera galimoto. Za mwana zidzalowa zokha, mwina foni ya mkazi wake ilire nthawi yomweyo bwana akumupatsa moni.

Chiganizo chachitatu chija ndiye chikukuberani buku lonse. Mwatiuza kale kuti ndi wokhulupirika ndipo sakonda bodza, ndiye tidikirirenji? Tadziwa kuti adzalankhula. Chichotseni. Tiwonetseni akulemba m'kaundula wa pageti, nthawi yeniyeni ya galimoto iliyonse, usiku ndi usiku, mpaka mphindi zake. Ndiye usiku umenewu cholembera chili m'manja, bwana n'kunena kuti "iyi usalembe". Pamenepo sitifunikanso kuuzidwa kuti ndi munthu wotani, ndipo kaundulayo adzakuthandizani kutsogolo apolisi akadzafuna kumuona.

"Mwachisoni" ndi "modandaula" m'mizere iwiri yotsatizana, n'chizindikiro chakuti simukuwakhulupirira mawu a mpangankhani wanu. Munthu amene mwana wake akutentha thupi sanena "ndapita" yekha. Mwina afunsa ngati mankhwala atsala, mwina aima pakhomo nthawi yaitali osanena kanthu mpaka mkazi amuuze kuti achedwa. Werengani zokambirana zonse mokweza, pakamwa pamakana msanga zomwe maso amalola.

Kadzidzi99

Za kaundula zandigwira mtima, ndilemba usiku uno. Koma pa kusamba paja ndikanako pang'ono amayi. Ndimafuna owerenga aone kuti moyo wake ndi wotembenuka, amadzuka ena akuweruka, mwana wake amamuona ali mtulo basi. Ndikayamba pa geti zimenezo sizitayika?

Mayi_Cholembera

Sizitayika mukaziika pamene zikupweteka. Zisungireni m'mawa wotsatira, akubwerera kunyumba anthu akupita ku ntchito, iye atanyamula zomwe waona, n'kupeza mwana wagona ndipo palibe woti amuuze. Koma buku ndi lanu, yesani njira zonse ziwiri mutipatse tiwerenge osatiuza yomwe mukuikonda. M'kagulu kathu muli malo a munthu mmodzi. Nditumizireni uthenga padera, ndikupatsani mutu wa mnzathu wina wa mawu pafupifupi 3,000 kuti muuunike kaye, wanu ulowa Loweruka linalo.