Timange laibulale kapena tigwire mkono achinyamata a pansi pa nimu?

Mlembi (Blantyre): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Tinagwirizana kuti zimene tasonkha chaka chino zipite ku maphunziro a ana kumudzi, koma maganizo agawanika pawiri. Ena akuti timange kachipinda ka laibulale pafupi ndi sukulu. Ena akuti tithandize achinyamata aja amene amasonkhanitsa ana masana pansi pa mtengo wa nimu kutchalitchi n'kumawaphunzitsa kuwerenga. Thumba silingakwanitse zonse ziwiri. Aliyense anene zakukhosi Loweruka lisanafike.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndili ku njerwa. Ndalama timazipeza movutika kuno, ndiye ndikabwera pa Khirisimasi ndikufuna ndikaloze ndi chala kuti icho tinamanga. Zopatsa anthu m'manja zimalowerera ngati madzi mumchenga wa mtsinje wa Mwanza, mawa lake osaona pamene panadutsa.

Achemwali a ku Mzuzu: Ndikugwirizana nawo achimwene. Nyumba imakhalitsa.

Aphunzitsi opuma (kumudzi): Ana anga, ndiloleni nditalikitse pang'ono, poti choko ndachigwira mpaka tsitsi kuyera. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anadzaza m'makalasi, ndipo tinasangalala, koma kuyambira pamenepo mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 amaimirira kutsogolo kwa khamu loti ena mayina awo amawadziwa teremu ikutha. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016, mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 anabwera, ndipo njira yake ndi yabwino: mwana ayambe kumva maliwu, adziwe malembo, aphatikize, kenako mawu. Koma njira imeneyi imafuna kuti wina amve mwana aliyense akuwerenga yekha. M'kalasi yodzaza, pansi pa malata otentha a mu Okutobala, zimenezo sizitheka.

Ndikuuzeni zimene ndinaona sabata yatha. Mdzukulu wa mnansi wanga ali Sitandade 4. Anandiwerengera tsamba lonse bwinobwino, mawu okweza. Ndinaphimba chithunzi ndi dzanja, n'kuloza liwu limodzi pakati pa mzere. Anangoti kukamwa yasa, misozi ili lengelenge. Analoweza kuchokera kwa anzake pamene kalasi yonse imabwereza pamodzi. Mwana ameneyu mukamutsegulira chipinda chodzaza mabuku, akachita nawo chiyani?

China, tisaiwale kuti ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chisena. Mwana amadziwa "pinthu", buku likuti "zinthu". Si wopusa, akungofuna munthu wa pamudzi pomwepo amene angamuolotse ndi chilankhulo cha amake. Mmera mpoyamba. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amene timadandaula nawo chaka ndi chaka amalepherekera ku Sitandade 2.

Achimwene a ku Johannesburg: Aphunzitsi, ndamva ndipo ndimakulemekezani, munandiphunzitsa ndinu. Koma mabukuwo tikagula tiziika pati? Si chiswe chidya?

Mayi a mother group: Bambo, funsani ife amene tinalipo. Namondwe wa Ana atabwera mu Januwale 2022 tinathawira kusukulu, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 chimodzimodzi. Makalasi anasanduka pogona, ana anakhala masabata osaphunzira. Mabuku amene anali mu kabati yapansi tinawatola ali phala. Tinayanika pamphasa, koma masamba anamatirirana, ukati utsegule akung'ambika. Amene anapulumuka ndi amene anali mu thiranki yachitsulo, chifukwa anyamata anainyamula n'kuikweza pangolo. Chipinda simungachikweze pangolo. Kuno kuchigwa chinthu chabwino ndi chimene ungathawe nacho.

Msungichuma (Limbe): Ndinene za thumba mosabisa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata sizinabwererenso pansi. Ndi zimene tili nazo, khoma lifika pawindo basi, ndipo maziko a kwathu amafunika okwera chifukwa cha madzi. Mvula ikapeza khoma lopanda denga, tataya. Koma mbali inayi nayonso ikundiopsa. Kuthandiza anthu mwezi ndi mwezi kumafuna kuti ifenso tizisonkha mwezi ndi mwezi, pamene pagulu pano ena mumakumbukira Airtel Money kapena Mpamba ndikakuimbirani kachitatu.

Amalume a ku Lilongwe: Nkhawa yanga ndi ina. Achinyamatawa anayamba okha, mwa kufuna kwawo. Tsiku limene tidzayambe kuwapatsa ndalama, si odziperekanso, ndi antchito athu. Mwezi umene tidzalephere adzanyanyala, ndipo mudzi udzati a m'tauni adya ndalama za ana. Komanso a komiti ya mjigo, a komiti ya sukulu, onsewo amagwira ulere. Tidzawayankha chiyani akadzafunsa zawo? Walira mvula walira matope.

Mtsikana wa gulu lowerengetsa ana: Takhuta makolo pondilowetsa pagulu pano. Ndine mmodzi mwa amene mukuwakambawo, ndiye ndipemphe ndifotokoze mmene zimakhalira.

Timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi dzuwa likapendeka, chifukwa masana enieni mchenga umawotcha mapazi ndipo ana ambiri alibe nsapato. Tilibe bolodi. Timapempha makatoni a sopo kugolosale, timadula timakadi, n'kulemba malembo ndi makala. Ana aang'ono amalemba pansi ndi kamtengo. Tikatha maphatikizo timawauza nthano, ina m'Chisena, kenako timalemba mawu a m'nthanomo m'Chichewa kuti awaone ndi maso. Kamnyamata kena kanabwera kosadziwa kusiyanitsa b ndi d. Mwezi watha kanawerengera agogo ake zimene adokotala analemba pakapepala ka mankhwala, kuti awiri m'mawa awiri madzulo. Agogowo anabwera okha kumtengo kudzatigwira chanza.

Tinayamba asanu ndi awiri, tatsala anayi. Awiri anapita kukadula nzimbe ku Nchalo, mmodzi ali kudimba ndi makolo ake. Sanachoke chifukwa chotopa ndi ana ayi. Amalume, sitikupempha malipiro. Koma munthu ukachoka kumtengo uli mbuu ndi fumbi, n'kupeza kunyumba kulibe sopo, amayi ako amakufunsa kuti sukulu ya Fomu 4 ija phindu lake ndi limeneli? Mnzathu wina amachokera kutsidya kwa dambo wapansi, amafika thukuta lili kamukamu. Chimene chikutisowa kwambiri ndi timabuku ta nthano ta Chichewa, tosavuta, toti mwana atenge akawerengere kunyumba. A sukulu sabwereketsa awo chifukwa ndi ochepa.

Amalume a ku Lilongwe: Mwana wanga, sindinanene kuti ntchito yanu ndi yachabe, usandimve molakwa. Ndikuopa kukulonjezani chimene tidzalephere.

Mayi a mother group: Ndiye musalonjeze ndalama. Gulani sopo wa chaka chonse lero, asunge a komiti. Njinga imodzi ya mtsikana wa kutsidyayo. Ife amayi tili okonzeka kuphika phala tsiku lowerenga ngati mudzi usonkha mapira kapena chimanga, chifukwa nthawi ya njala, pamene ena amakafika pokumba nyika m'madambo, mwana sangakhale pansi kumvera a e i o u m'mimba muli gwaa. Ndipo amfumu alankhule ndi makolo. Nthawi yotola thonje ndi yoingitsa mbalame m'mapira ana amasowa kumtengo, anyamata amawatuma kubusa.

Achemwali a ku Mzuzu: Mawu a mtsikanayu andikhudza. Ndasintha maganizo. Ndifunse: sitingalembe kalata ku National Library Service kupempha mabuku? Ndikhoza kulemba ineyo usiku uno, a Mlembi asayine.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine laibulale sindinaisiye, ndidzaibweretsanso chaka chamawa. Koma ngati ambiri mwatsamira uko, ndili ndi pempho limodzi. Ndisamangolandira zithunzi za ana atakhala pansi akumwetulira. Aphunzitsi amuyese mwana aliyense poyamba, payekhapayekha, ndi dzanja paja pachithunzi. Teremu ikatha amuyesenso, atiuze pagulu pano kuti amene amangodziwa malembo ndi angati, amene afika pa mawu ndi angati, amene akuwerenga ndime ndi angati. Zikatero thiranki ndigula ndekha, isachoke m'thumba la gulu.

Wapampando (Zomba): Zikomo nonse, mwalankhula ngati anthu a mudzi umodzi. Loweruka tidzavota pa izi: mabuku a nthano, masileti ndi choko, sopo wa chaka, njinga imodzi, zotsala zikhale m'thumba. Koma tisadumphe eni mudzi. A Mlembi, imbirani amfumu ndi ahedi mawa, ndipo ahedi atiuze ngati nkhaniyi iyenera kufikanso kwa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a dera lathu, kuti zimene ana akuphunzira kumtengo zisasemphane ndi za m'kalasi. Amalume, nkhani ya makomiti ena ija muikonze bwino, mudzaiyambitse ndinu pamsonkhano, chifukwa sinayankhidwe.

Amalume a ku Lilongwe: Ndidzaiyambitsa. Ndipo njingayo ilembedwe kuti ndi ya gulu, osati ya munthu.

Aphunzitsi opuma (kumudzi): Kuyesa anawo ndavomera, ndiyamba Lachinayi lomweli, mtsikanawe undikonzere mayina. Thiranki ikabwera ikhale kwanga. Nyumba yanga ili pachulu, madzi a 2015 anathera pamtengo wa masawu kuseri, ndipo ngolo ya mwana wanga imagona pakhomo pomwepo.