Thandizeni: nyongolotsi zasowa pomwe ndinathira matope a m'suweji

Moni nonse alimi anzanga. Ndili ndi dimba kuno ku Zomba, kufupi ndi mtsinje wa Likangala, ndimalima mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi.

Feteleza wadula, ndiye ndinapeza matope akuda aja amatsalira m'suweji madzi akaphwa. Chimanga chimene ndinathirako chabiriwira ndithu, apo sindikudandaula. Vuto ndi nyongolotsi. M'mabedi a ndowe za ng'ombe, ukangotembenuza ndi khasu umazipeza zili piringupiringu, dothi lili lofewa, lodzaza timauna, madzi akulowa bwinobwino. Koma pomwe pali matopewa zasowa, zina ndinazipeza zitafera pamwamba, ndipo dothi likauma likuchita kulimba gwa.

Ndayesa kusakaniza ndi mapesi ndi mankhusu a mpunga, kuthirira, n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Fungo lobaya m'mphuno lija lachepako, koma nyongolotsi sizinabwerere. Alangizi anati ndiyambe ndaunjika mulu uwole mpaka utenthe, poti mazira a njoka zam'mimba sachedwa kupezeka m'matope otere ndipo safa msanga. Chabwino, komatu nyongolotsi nazo sizipirira kutentha.

Ndiye amene munayesapo, mulu umafunika miyezi ingati usanaikidwemo nyongolotsi? Mapesi azichuluka bwanji poyerekeza ndi matope? Nanga manyowa amenewa ndingathire pa mpiru ndi tomato, popeza ena amadya zosaphika, kapena ndingosiyira chimanga ndi mitengo basi? Zikomo.