Makala pa zojambula za m'phanga, tichite bwanji?

aBanda (woperekeza alendo, Chipata): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuphanga lomwe ndimapita nawo alendo cha ku Chadiza, anyamata oweta ng'ombe alembako mayina awo ndi makala, pamwamba penipeni pa zojambula zakale zija za nyama zoyera. Loweruka ndili ndi alendo. Ndikapukute ndi kansalu konyowa?

Mayi Phiri (mphunzitsi, Katete): Iyayi bambo, madzi asayandikeko n'komwe! Zoyerazo ndi dothi lopaka ndi chala, langokhala pamwamba pa mwala. Mukapukuta makala, nyamayo ichokera limodzi. Zofiira zija, zomwe akuluakulu amati ndi za Akafula, ndi zolimbako, komabe madzi amakoka mchere wa m'thanthwe, ndiye ukauma utoto umayamba kusupuka.

aTembo (woperekeza alendo): Apo mwalasa, mayi. Ena mwa ife tomwe timawaza madzi a m'botolo kuti mlendo ajambule chithunzi chowala. Tisiye. Pali DStretch, pulogalamu ya pakompyuta ndi pafoni, imatulutsa zofiira zozilala pachithunzi, mwala osaukhudza.

aZulu (wosamalira malo akale): Musaiwale lamulo la Zambia la 1989 lomwe linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma losamalira malo akale. Limateteza zojambula zonse zakale, osati za kumalo odziwika a Thandwe, Mkoma, Katolola kapena Kalemba zokha. Kuzisintha popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mtima wanu uli wabwino. Jambulani zithunzi, rula ili pambali, lembani tsiku, muwatumizire a bungwelo pamodzi ndi kalata. Kuchotsa makala ndi ntchito ya akatswiri.

aBanda: Ndamva. Nanga anyamatawo? Mawa abweranso mvula ikawapeza kubusa.

Mayi Phiri: Yambirani kwa anyakwawa, osati kupolisi. Zoyera zambiri ndi za ife Achewa, zina za Nyau, zina za chinamwali, monga zilili ku Chongoni ku Dedza komwe bungwe la UNESCO linazindikira mu 2006 kuti ndi malo ofunika padziko lonse. Mwana akadzudzulidwa ndi akulu a kudambwe kapena anamkungwi amamva, pomwe chikwangwani amangochidutsa. Koma tanthauzo lake musawakakamize kufotokoza, zinazo sizinenedwa pagulu.

aZulu: Chimene chimandiwopsa ine ndi moto. Mwaye ukamata pamwala, ngakhale akatswiri amavutika nawo. Pemphani mudzi ulambule udzu pakhomo pa phanga anthu asanayambe kutentha tchire posaka mbewa, ndipo osonkha moto asonkhere panja.

aBanda: Zikomo nonse. Zithunzi ndikajambula mawa, kwa anyakwawa ndipita Lachinayi. Alendowo akaona makalawo momwe alili. aZulu, kalatayo ndilembe m'Chizungu?

aZulu: Eya, ndipo anyakwawa asayinepo.