Toyota 86 ya manual ikugwedeza pa wani kupita thu, bwana akuti agula otomatiki

Dalaivala wa ku Katoto:
Akuluakulu thandizeni msanga zandivuta kuno. Bwana wanga waitanitsa Toyota 86 ya 2013 ku Japan, manual ya magiya 6, yalowa pa Songwe mwezi wathawu, ndiye poti iwowo bondo lakumanzere limawavuta akuti ndiziyendetsa ine iwo atakhala pambali. Hilux ndi Coaster ndayendetsa zaka zambiri palibe anadandaulapo koma iyiyi ayi. Podzuka pa wani mwina izime mwina idumphe, ndikachoka wani kupita thu imagwedeza mpaka mutu wa bwana kumenya pampando, thu kupita fili bhobho, fo faifi sikisi palibe vuto. Choipitsitsa ndi mtauni madzulo pa raundabauti ya Katoto tikuyenda pang'onopang'ono a sakaramento, a njinga za kabaza aja, mbali zonse, ukangochotsa phazi pa moto imagwa chamutu ukapondanso imalumpha. M'mawa giya thu imalimba kulowa. Dzulo andiuza mosabisa kuti zikapitirira aigulitsa aitanitse ya otomatiki, ndipo nonse mukudziwa ikabwera otomatiki aziyendetsa okha ine ntchito yathera pomwepo. Vuto ndi galimoto kapena phazi? Amene anaigwirapo 86 kapena BRZ ya Subaru yofanana nayo ija ayankhule chonde, zakuti uzolowera ndamva kale.

Wa Taxi Chibavi:
Achimwene bwana wanuyo akunena zoona. Mzuzu wa lero ndi wa otomatiki. Mahampu, mizere, njinga, kilachi muiponda kangati kuchoka Katoto kukafika Luwinga? Asinthe basi.

Dalaivala wa ku Katoto:
Aise mwawerenga mpaka kumapeto? Ndati akasintha ine ndilibe ntchito.

Fundi Luwinga:
Musanayambe kulimbana ndi phazi lanu tiyambe taona galimotoyo. Yayenda makilomita angati, ndipo kuchokera ku Dar anabwera nayo ndani, inakwera pa kariya kapena inayendetsedwa? Podzuka imanjenjemera thupi lonse kapena imangodumpha kamodzi? Ngati ikunjenjemera ndiye tikaone flywheel ndi kilachi puleti, mwinanso mamaunting'i a injini atha, amenewo akatha injini imaponyedwa kutsogolo ndi kumbuyo nthawi iliyonse mwachotsa kapena kuponda moto, ngakhale dalaivala akhale katswiri chotani sangaibise. Chitani ichi pamalo poyera: kokani handibuleki, lowetsani fo, patsani moto pang'ono nkumasiya kilachi. Ikazima msanga kilachi ili moyo. Ikapitiriza kulira osazima ndiye ikuterereka. Kamodzi kokha, musabwerezebwereze mungaimalize. Komanso tcherani khutu mukamaponda kilachi injini ikulira, ma 86 oyambirirawa release bearing, beringi imene imakankha kilachi mukaponda pedulo, imakonda kulira msanga.

Mdala wa Dar Route:
Fundi wafunsa funso lenileni, anabwera nayo ndani. Ine msewu umenewu ndakalambira momwemo ndipo ndikuuzeni, galimoto yotere ikatuluka padoko anyamata amachita kulimbirana makiyi. Ndinaonapo Subaru ina ya manual itapatsidwa kwa mnyamata wozolowera ma Vitz ndi ma Sienta, tinanyamuka limodzi konvoyi, pofika pa Kitonga paja malole anali atadzaza chitunda chonse tikukwawa, iye m'malo mokoka handibuleki anangoigwira pa hafu kilachi chitunda chonse. Ine ndinali kumbuyo kwake, fungo linkalowa mwanga ngakhale magalasi nditatseka. Pofika Mbeya ukaponda moto singano ikukwera galimoto osapita. Anaifikitsa pa Kasumulu mokakamiza, mwini wake anailandira ikuwala bwinobwino atatsuka, patangopita masabata ochepa yakana kukwera chitunda cha ku Nkhata Bay. Mwini wakeyo anathamangitsa dalaivala wake wapakhomo amene sanalakwe kanthu. Ndiye mwana wanga usavomere mlandu galimoto isanalowe pa pit.

Dalaivala wa ku Katoto:
Inayendetsedwa a Mdala, sinakwere kariya. Ili pa 90,000 ndi kakuti. A Fundi sikunjenjemera, imangodumpha, fungo palibe. Za handibuleki ndiyesa ndikawasiya bwana kuofesi.

Mayi wa Driving School:
Ngati sikunjenjemera ndipo fungo palibe ine ndikuona kuti ndi phazi la dizilo limenelo achimwene, ndipo si chipongwe, aliyense wochoka pa Hilux amatero. Hilux mphamvu zake zili pansi, singano isanafike 2,000 yayamba kale kukoka, nchifukwa chake mumatha kudzuka osaponda moto nkomwe. Ya 86 ndi petulo 2.0 yopanda tebo, mphamvu zake zenizeni zili kumwamba kupitirira 6,000, pansipa ndi yofooka. Podzuka ipatseni moto kaye singano ikhale cha m'ma 1,500, kwezani kilachi mpaka mumve yayamba kugwira, pamenepo IMANI phazi, musapitirize kukweza, ilekeni galimoto iyambe kuyenda yokha kenako mumalizitse. Anthu ambiri amakweza bwino poyamba nkudzataya kumapeto, kudumpha kumachokera pamenepo.

Za wani kupita thu nkhani ndi mpata wa magiyawo, wani ndi thu zatalikirana kwambiri kuposa ena onse. Mukasintha pa 3,000 mu wani, thu imafuna injini ikhale cha m'ma 1,800. Mukathamangira kusiya kilachi singano idakali kumwamba galimoto imakankhika kutsogolo, mukachedwa kwambiri singano nkugwa mpaka pansi imagwa chamutu. Ndiye chotsani moto mofatsa osati mwadzidzidzi, pondani kilachi mpaka pansi, lowetsani thu osakankha ndi mphamvu, dikirani kamphindi singano itsike, posiya kilachi muzitsitsa ngati mukugoneka mwana wogona pamphasa uku mukubweza kamoto pang'ono. Ndipo wani musakhalemo, ndi yodzukira basi, matayala akangozungulira pitani thu. Pamzere wa pa Katoto siyani mpata kutsogolo muziyenda mu thu mosalekeza m'malo modzuka nkuima, dzuka ima. Onaninso mpando, ma 86 umakhala pansi kwambiri miyendo itatambasuka, ngati bondo likuwongoka lonse mukaponda kilachi sunthirani kutsogolo.

Wa Taxi Chibavi:
Mwaona? Ndime ziwiri zathunthu kungofotokoza kuchoka wani kupita thu. Otomatiki umaika pa D basi wapita. 86 yomweyo ilipo ya otomatiki magiya 6 omwewo, ili ndi timapadulo kuseri kwa sitelingi ukafuna kusintha wekha, potsitsa giya imadzipatsa yokha moto. Ndiye mukuvutikiranji?

Mayi wa Driving School:
Palibe wanena kuti otomatiki ndi yoipa bambo. Munthu wafunsa mmene angayendetsere galimoto imene ili pakhomo lero.

Jnr wa ku Chiputula:
Biggy pa YouTube ma 86 onse amachotsa sipuling'i ija ili pa pedulo ya kilachi, ndi imene imapangitsa kuti usamve pamene ikugwira. Mphindi zochepa yatheka. Komanso phunzirani heel and toe potsitsa magiya, mukaidziwa bwana sadzamvanso kanthu

Fundi Luwinga:
Iwe Jnr galimoto ya bwana wa munthu usamaiyesere za pa YouTube. Sipuling'iyo ilipodi ndipo ndi zoona kuti imapepukitsa pedulo, koma tsiku limene chinachake chidzavute pa kilachi, ngakhale chosakhudzana, fundi wina adzangoti apa panachotsedwa chinthu, mlandu wonse pa dalaivala. Osakhudza popanda mwini wake kuvomera pamaso pa mboni. Za heel and toe ndiye ayi ndithu, munthu akulimbana ndi kudzuka iwe ukumuuza aponde buleki ndi moto ndi phazi limodzi pakati pa a sakaramento? Adzagunda munthu.

Za thu kulimba m'mawa musadandaule kwambiri, ma giyabokosi amenewa amatero akazizira, ndiye ndi kuzizira kwa kuno June July ndiye kwambiri. Musaikakamize, mudzadya synchro, timaringi tothandiza kuti giya ilowe osakhulana. Ikakana bwererani pa nyutulo, siyani kilachi, pondaninso nkulowetsa. Oyilo wa mu giyabokosi asinthidwe poti sitikudziwa anasinthidwa liti ku Japan, 75W-90, koma chenjerani pogula, musalole akuthirireni wa mu difu mu giyabokosi chifukwa choti manambala afanana. Werengani GL, chizindikiro cha mtundu wa oyilo, pa botolo mufananize ndi buku. Ndipo dzanja lisamagone pa ndodo ya giya, phazi lisamagone pa kilachi, release bearing ya galimoto iyi sikhululuka.

Mdala wa Dar Route:
Ine mantha anga si kudumphako ayi, kudumpha sikupha munthu. Galimoto imeneyi imakoka ndi matayala akumbuyo ndipo ndi yopepuka. Mvula ya Mzuzu mukuidziwa, imangoyamba osatsanzika. Ukatsitsa giya pakona nkutaya kilachi mwadzidzidzi pamsewu wonyowa matayala akumbuyo amagwira, mchira umatuluka, usanadziwe wayang'ana kumene wachokera. Ndinapeza ina itagona mu ngalande ku Chikangawa m'mawa kuli chifunga, sinali 86 koma ya mtundu womwewo wokoka kumbuyo, mnyamata atakhala pa mtengo wogwa akunjenjemera akuti sindinathamange mdala ndinangotsitsa giya. Tsitsa giya usanalowe pakona galimoto ili chowongoka. Batani lija lozimitsira VSC, chothandiza kuti galimoto isaterereke, usalikhudze ngakhale bwana anene kuti tiyeseko.

China, magiya ake ali pafupipafupi kwambiri, si Coaster imene umachita kutambasula mkono. Pochoka faifi kupita fo dzanja likapitirira kumanzere pang'ono walowetsa thu. Thu ya galimoto imeneyo imathera cha m'ma 95, ndiye ulowetse uli pa liwiro loposa pamenepo nkusiya kilachi, mavavu apindika pompo, kompyuta singakuteteze poti ndi matayala akuzunguza injini. Ukamva kuti yalira modabwitsa ponda kilachi nthawi yomweyo usamalize kusiya.

Wa Taxi Chibavi:
A Mdala mwanena nokha. Otomatiki singakulole kulowetsa giya yolakwika, imakana. Injini yapulumuka, kilachi palibe yopsa, bondo la bwana lapuma. Ine sindikuona chimene tikutsutsana.

Mdala wa Dar Route:
Iwe mwana otomatiki zimene ndaziona zitapsa mabuleki pa Chiweta ndi zingati? Munthu amaika pa D kuchoka pamwamba mpaka kunyanja phazi lili pa buleki, pofika pa makona apansi pedulo yalowa yonse utsi uli tolotolo m'matayala. Tinakokapo banja lina pamenepo, mwayi galimoto inakhulira kuphiri osati kuphompho, mayi atafungatira ana awiri osatha kulankhula. Dalaivala wake sankadziwa nkomwe kuti pa giya pake pali 2 ndi L. Galimoto iliyonse imafuna munthu woidziwa.

Wa Taxi Chibavi:
Ameneyo ndi dalaivala wosadziwa, si vuto la otomatiki. Ine Chiweta ndimatsika pa 2 bwinobwino. Mfundo yanga ndi yomweyo, mtauni muno manual ndi chilango, ndipo pogulitsa mudzaona, ndani Mzuzu muno akufuna manual ya zitseko ziwiri?

Sisi wa Car Hire:
Pogulitsa pokha a Chibavi akunena zoona, ife makasitomala khumi mwina mmodzi ndi amene amafunsa manual ndipo amakhala akufuna pikapu. Koma achimwene a ku Katoto ine ndikuuzeni za bwanayo. Musamaphunzire iwo ali m'galimoto, munthu akakhala pambali akukuyang'ana phazi limauma. Apempheni Lamlungu m'mawa muitenge nokha mukazungulire kumene kulibe anthu, wailesi yozima galasi lotsitsa kuti muzimva injini. Nsapato nazonso, ngati mumavala majombo aja a soli yokhuthala simungamve kanthu pa pedulo yopepuka choncho. Ndipo muwauze kuti Fundi akufuna aione kaye, zikapezeka kuti ndi mamaunting'i nkhani ya kugulitsa yatha yokha.

Fundi Luwinga:
Bwerani nayo koma osati Loweruka pamadzaza. Ndipo polowa kwathu kuno samalani, galimoto imeneyo pansi pake ndi masentimita 13 okha, hampu iliyonse muziidutsa chopingasa tayala limodzi limodzi, mu wani kapena thu kilachi mutasiya kale, osati kukwera hampu pa hafu kilachi. Ndikuuziranitu, ikapezeka kuti ndi kilachi kit pano simuipeza pashelefu, injini yake ndi ya Subaru FA20 ngakhale chizindikiro ndi cha Toyota, ndiye wina asakunamizeni kuti ya Corolla kapena ya Mark X ilowa. Kuitanitsa ku Dar kapena ku Joni, ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu konzekani kudikira.

Jnr wa ku Chiputula:
Nanga petulo wathuyu imamwa bwinobwino? Ku Japan paja imafuna high octane

Fundi Luwinga:
Imayenda, kompyuta imadzibweza yokha ikamva kugogoda, koma musamaikoke pa giya yaikulu singano ili pansi, sikisi pa 50 chitunda ayi. Ndipo wa m'zigubu wa pamsewu asayerekeze nkomwe, ili ndi ma injector ena othira mwachindunji mu silinda, akatsekeka amenewo mudzalira.

Mdala wa Dar Route:
Wa m'zigubu anandiphera pampu pa Uliwa chaka china usiku, anali atasakaniza ndi parafini, tinagona momwemo mpaka kucha udzudzu wa kunyanja uja.

Wa Taxi Chibavi:
Kilachi kit kudikira mwezi, fundi kulipira, bwana kukwiya. Otomatiki bwenzi zonsezi kulibe. Ndanena ndanena.

Mayi wa Driving School:
A ku Katoto mwayesa za handibuleki zija? Yazima kapena ayi?

Sisi wa Car Hire:
A Mdala mukunyamuka liti wa ku Dar? Ndili ndi ma shock a Sienta akudikira ku Kariakoo ndalipira kale, ndikusowa wonditengera.

Mdala wa Dar Route:
Lachinayi ngati mapepala atuluka. Nditumizireni nambala ya mwini shopu ku inbox, koma katundu wolemera ndimalipiritsa pa boda.