Mzinda ungauze apolisi kuti za chamba zidikire kaye?

Wofunsa: Abale ndithandizeni, ndamva kuti ku America mizinda ina inavota kuti apolisi asamalimbane ndi munthu wopezeka ndi chamba chochepa. Ndiye kuti anachiloleza kapena bwanji?

Yankho 1: Ayi achimwene, sikuloleza kumeneko. Ku Seattle mu 2003 anavotera Initiative 75, yoti munthu wamkulu wosuta yekha akhale nkhani yomalizira pa ntchito za apolisi, Oakland nayo inatsatira mu 2004 ndi Measure Z. Panthawiyo lamulo loletsa linalipobe, kungoti wapolisi ayambe wathamangitsa akuba ndi achiwembu kaye.

Yankho 2: Philadelphia mu 2014 inati magalamu 30 kutsika mmunsi ndi faindi ya $25, osati unyolo. Ine ndimagwirizana nazo kwambiri chifukwa mnyamata akalowa mbuku la milandu, pa mafomu ena a ntchito pamakhala kabokosi kofunsa ngati khothi linakupezapo wolakwa, akangochonga pamenepo ntchito yapita, ngakhale nyumba ya lendi imavuta.

Yankho 3: Zoona, koma musaiwale kuti khonsolo singafufute lamulo la boma lalikulu, wapolisi wina akhoza kukumangabe. Ndipo wogulitsa kwa ana ameneyo asamusekerere ayi.