Chingwe chokwerera mitengo ndi mfundo yake, ndiyambe ndi ziti?

Kamtengo_Jozi

Moni akuluakulu nonse. Ine ndili ku Joni kuno mbali ya Randburg, ndimagwira pa kakampani kodula mitengo koma yanga ndi yapansi, kukoka nthambi, kuponya mu chipper yogaya nthambi ija, kugwira chingwe akamatsitsa zipika. Wokwera alipo m'modzi yekha ndipo amalandira kuposa tonsefe, nde bwana akuti ndikapeza zida zanga ndikaphunzira azindipatsa kaye timitengo tating'ono. Ntchito ilipo yambiri chifukwa kachirombo koboola mitengo kotchedwa shot hole borer kaja kakumaliza ma oak ndi ma London plane m'ma suburb muno.

Nde funso langa ndi ili, pa Facebook Marketplace pali munthu akugulitsa chingwe cha anthu okwera mapiri, 10mm, 60 mita, akuti anangogwiritsa ntchito pang'ono, mtengo wake ndi wabho kwambiri, nditenge? Komanso ndili ndi hanesi ya pa site ya zomangamanga yovala thupi lonse ija, ingagwire? Chachitatu ndi mfundo, mkulu amene amakwera kwathuyu amamanga Blake basi ndipo safuna kumva zina, koma pa YouTube ndikuona mfundo zina ngati VT, Distel, ena ali ndi kachitsulo kotchedwa ZigZag, mutu wangozungulira. Ndalama ndi yochepa sindikufuna kugula kawiri. Thandizeni.

Nyani_wa_ku_Leeds

Amwene chingwe cha pa Marketplace chija chisiyeni, pa zifukwa ziwiri. Choyamba cha okwera mapiri chinapangidwa kuti chizitamuka munthu akagwa, nambala yake ndi EN 892, kungolendewera chabe chimatha kutamuka mpaka 10%, nde mumtengo inu mumakhala mwalendewera tsiku lonse, mukakoka mita imodzi gawo lina lathera kutamuka, mukungodumphadumpha ngati mwamangidwa pa legeni uku chainsaw ili m'manja. Chathu ndi chosatamuka kwambiri, muyang'ane EN 1891 Type A, chimenecho sichipyola 5% ndipo chimayenera kupirira 22 kN, ndiye kuti kulemera kopyola pang'ono matani awiri. Kunenepa kwake pakati pa 11.5 ndi 13mm, ambiri kuno tili pa 11.7 kapena 11.8. Teufelberger, Yale, Samson, Marlow, onsewa amapanga cha mitengo chenicheni. Chachiwiri simukudziwa mbiri yake. Chingwe chikhoza kukhala chinagonera mu galaja pafupi ndi batire ya galimoto, asidi amadya mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Jekete ndi jombo gulani pa kaunjika palibe vuto, koma chingwe, hanesi ndi ma karabina, timaloko tachitsulo tokolowekera chingwe ku hanesi, gulani zatsopano zokhala ndi pepala lake ndi chaka chomwe zinapangidwa.

Kutalika werengerani kawiri kutalika kwa mtengo chifukwa poyamba muzikwera ndi chingwe chopinda pawiri, chokwera kukadutsa pa mphanda nkubwerera kwa inu. Mtengo wa 20 mita ukufuna 40 kuti mufike pansi, nde 45 ndi yabwino. Kumapeto kwake muzimanga mfundo nthawi zonse kuti musapitirire nacho.

Hanesi ya pa site ija ntchito yake ndi kukugwirani mukagwa, ring yake ili kumsana, siyokhalira. Mukalendewera nayo mphindi zochepa miyendo ichita dzanzi ndipo simungatembenuke kuti mudule. Ya mitengo imakhala ndi kachingwe kopingasa kutsogolo kotchedwa bridge ndi ma D awiri m'chiuno omangapo lanyard, kachingwe kakafupi kozunguliza pa thunthu, pa lebulo pazikhala EN 813 ndi EN 358. Petzl Sequoia kapena treeMOTION ndi zodziwika koma ziliponso zotsikirako mtengo za nambala zomwezo. Ma karabina akhale odzitsekera okha otsegula katatu, kukankha, kupotokola, kenako kutsegula. Opotokola ndi dzanja ngati bawuti aja ayi, nthambi ikamakhula imamasula inu osadziwa.

Pa mfundo ine ndinganene Distel ndi ka pulley pansi pake, DMM Hitch Climber kapena kena kalikonse kakang'ono. Mumagula kachingwe kapadera ka 8mm kokhala ndi maso mbali zonse, kotalika 70 mpaka 80cm, kuzunguliza kanayi m'mwamba ndi kamodzi pansi, maso onse awiri mu karabina. Ubwino wake mukakwera mumangokoka chingwe pansi pa pulley ndi dzanja limodzi mfundo nkumakwera yokha. VT ndi yofewa kwambiri ndipo ndi imene ndili nayo panopa koma siyoyambira, ikamasuka pang'ono nthawi zina siigwira pompo mpaka muyikonze ndi dzanja, nde munthu watsopano amayiwala kuyang'ana. ZigZag ndi yabwino koma ndi yodula, ndalama yake muyambe mwagulira chingwe. Idzabwera.

Madala_a_ku_Zomba

Mwana wanga, zambiri wanena mnzakoyu ndi zoona koma pa mfundo ndikutsutsa. Yamba ndi Blake. Mkulu amene ukugwira nayeyo si wotsalira ayi. Blake umamanga ndi mchira wa chingwe chomwecho chomwe wakwerera, sifuna pulley sifuna kachingwe kapadera, tsiku lina kachingwe ka 8mm kadzakugwa uli m'mwamba kapena kadzapsa, udzatsika bwanji ngati sudziwa Blake? Komanso amene akuphunzitse ali pompo ndipo amadziwa Blake, adzaona ndi maso ukalakwitsa. Distel adzakuonera ndani, YouTube?

Kamangidwe kake, umazunguliza mchira kanayi kukwera m'mwamba, nkuutsitsa, kuudutsitsa kuseri kwa chingwe chachikulu, kenako kuulowetsa m'mizere iwiri yapansi kutulukira pakati. Ukaudutsitsa mbali yolakwika mfundo imaoneka chimodzimodzi koma imaterereka osagwira, nchifukwa chake usaphunzire pa zolemba zangazi, akuonetse ndi manja. Ndipo kumchira kwake umange figure 8 chifukwa Blake imakonda kuyenda pang'onopang'ono mchira nkumafupika. Imafuna chingwe chonenepa bwino, cha 13mm choluka 16 strand imagwira mokoma. Kuipa kwake ndikuvomera, imalimba ukakhalira nthawi yaitali, ndipo ukatsika mothamanga imawotcha mchira mpaka kuuma nkumanyezimira, ukaona choncho dula pamenepo umange patsopano.

Kuno kumudzi chomwe chimandimvetsa chisoni ndi anyamata okwera bulugamu ndi chingwe cha buluu cha mu hardware chomangira katundu pa lole. Chimenechija ndi polypropylene, chimasungunuka pa madigiri 160 chabe ndipo dzuwa limachifumbutsa, ukachipinda umaona ufa. Bulugamu naye khungwa lake limasupuka, waponda bwinobwino khungwa lonse nkuchoka ndi phazi lako, nthambi zake zimathyoka osachenjeza. Ndipo usanakwere zungulira mtengo uyang'ane m'mwamba kaye, njuchi m'mphako, mavu, ndi mawaya a magetsi. Kuno ndi a ESCOM, kumeneko kaya ndi City Power kaya Eskom, ngati nthambi ili pafupi ndi waya usakwere mpaka eni ake azimitse, makamaka ngati lanyard yako ndi ya waya mkati ija.

Kamtengo_Jozi

Zikomo madala, zikomo achimwene a ku Leeds. Chingwe chija ndamuuza mwini wake kuti basi. Koma nde mwandisiya pakati kkkk wina Distel wina Blake. Komanso funso lina, pa ntchito pali chingwe chonenepa cha 14mm chomwe timatsitsira zipika, ncholimba kuposa zonsezi, sindingayambe kuphunzirira chimenecho podikira kugula changa?

Wa_Somerset_West

Ayi ayi aise, chotsitsira zipika usachikhudze olo pophunzira. Iweyo ndi amene umachigwira pansi, ukudziwa momwe chimagwedezekera chipika chikagwa nkuima mwadzidzidzi, kangati patsiku? Chimakhula pa khungwa, chimapondedwa, chimanyowa mafuta a chainsaw. Kunenepa sikutanthauza kanthu pamenepo. Chokwerera chako chikhale cha mtundu wosiyana ndi zapantchito, chikhale mu bag yakeyake, ndipo tsiku limene wina adzatsitsire nacho chipika olo chimodzi chatha ntchito yokwerera, usamabwereketse.

Koma ine ndabwerera nkhani ya shot hole borer wanenayo chifukwa onse akukamba za mfundo palibe wanena za pomwe chingwecho chikoloweke. Kachirombo kameneka kanapezeka koyamba ku Pietermaritzburg mu 2017, kuno ku Somerset West kanafika 2019, nkakang'ono ngati 2mm koma kamabowola timabowo tambirimbiri nkulowetsa fangasi ya Fusarium imene imatseka njira za madzi mumtengo. Nde nthambi imatha kuoneka yonenepa bwino koma mkati ndi mabowo okhaokha. Box elder ndiye woipitsitsa, ndi wophweka kale olo ali wamoyo. Mitengo imeneyi siyophunzirira, ndipo ina ikauma kwambiri sikweredwa nkomwe, imafuna cherry picker, galimoto yokweza munthu m'mwamba ija, bwana akakakamiza ukane. Phunzirira pa mtengo wamoyo wa nthambi zotambalala.

Pokoloweka, chingwe chizizungulira thunthu lenileni pamwamba pa mphanda, osati kanthambi kokha, kuti nthambi ikathyoka thunthu likugwirebe. Ukaponya throwline, kachingwe kowonda kokokera chingwe chachikulu pa mphanda, nkukweza chingwe, musanachoke pansi lendewerani anthu awiri mugwedeze, uku mukuyang'ana m'mwamba ndi kumvetsera. Ugulenso cambium saver, kalamba ka ma ring awiri kaja, ring yaikulu ndi yaing'ono, chingwe chimayenda m'ma ring m'malo mokhula khungwa, chimakhalitsa ndipo mapewa satopa. Ma spike ovala kumiyendo ndi a mtengo umene ukugwetsedwa wonse basi, ukakwera nawo jacaranda wa kasitomala amene wangofuna kuphadzula udzamusiyira zilonda thunthu lonse.

Za Blake ndi Distel ine ndili mbali ya madala, mwezi woyamba Blake. Koma sudzakhalitsapo ukadzalawa pulley kkkk

Nyani_wa_ku_Leeds

Madala sindikukana, Blake aliyense aidziwe, olo kuno pophunzitsa kosi yokwera mitengo ija timaitcha CS38 ambiri amayambira Blake kapena mfundo ina yotchedwa Prusik. Nde amwene pangani chonchi, gulani chingwe cha 12 kapena 13mm chimene chingalole zonse, yambani Blake ndi mkulu wanuyo, mukazolowera muwonjezere kachingwe ndi pulley, simunagule kawiri.

Pogula kachingweko samalani zomwe kanapangidwira. Mukamatsika kutentha konse kumathera pa mfundo. Polyester amasungunuka cha pa madigiri 250, Technora ndi ma aramid ena amafika cha ku 500, nchifukwa chake tizingwe ta mfundo ngati Ocean Polyester kapena Bee-Line timakhala tosakaniza zimenezi kunja kwake. Dyneema ndi yolimba zedi koma pa 145 yasungunuka kale, sling ya Dyneema musamangire mfundo yotsikira olo tsiku limodzi. Ndipo palibe amene angakuuzeni pa intaneti kuti zungulizani kangati, zimatengera thupi lanu, chingwe chanu ndi kachingwe kanu. Kachingwe kowonda kamaluma kwambiri, konenepa kofanana ndi chingwe chachikulu kamaterera. Chingwe chatsopano chimaterera masiku oyamba, chonyowa chimasintha, cha utomoni wa paini chimakakamira mpaka mfundo kukana kutsika. Nde chilichonse chikasintha yesani muli pansi penipeni, mapazi atangochoka pa dothi, khalirani, tsikani pang'ono, siyani, igwire yokha osaithandiza. Ikatsetsereka onjezani mzere umodzi. Potsika zala ziwiri pamwamba pa mfundo, dzanja lina ligwire chingwe pansi, chifukwa munthu akadzidzimuka amafinya chomwe wagwira, nde mukafinya mfundo ndi dzanja lonse mumangopita.

China chomwe YouTube imasokoneza anthu, ambiri mukuwaonawo akukwera pa chingwe chimodzi chosapinda, SRT. Pa chopinda pawiri mfundo yanu imanyamula theka la thupi lanu, pa chimodzi imanyamula lonse, nde Distel kapena Blake payokha imaluma osatsikanso kapena kupsa. Amaikapo kachitsulo kotchedwa Rope Wrench pamwamba pake kochepetsako kulemera pa mfundo, ZigZag nayo imafuna kofanana nako kotchedwa Chicane. Komanso akamangira chingwe patsinde pansi, mphanda ya m'mwamba imanyamula pafupifupi kawiri kulemera kwa munthu, pa mitengo yanu yobowokayo ganizirani. Zimenezo zisiyeni kaye.

Podula mukhale omangidwa pawiri nthawi zonse, chingwe ndi lanyard, ndipo onani komwe zadutsa musanalize macheka. Miyezi yoyamba dulani ndi kasowo ka m'manja ngati Silky, nakonso kamadula chingwe cholimba kamodzi kokha nde musakapeputse. Kuno ku UK zida zonse zokwerera zimayezedwa miyezi 6 iliyonse motsata lamulo lotchedwa LOLER, inu kumeneko olo palibe wokufunsani pititsani chingwe chonse m'manja m'mawa uliwonse, pomwe pali potupa, pofewa kapena powuma mudzamva ndi zala.

Madala_a_ku_Zomba

Tagwirizana tsopano. Koma funso limodzi mwana wanga, iwe ukadzakhala m'mwamba nkudzicheka mkono, pansipo pali wina wodziwa kukwera woti akutsitse? Munthu wokomoka ali lende pa hanesi sadikira ambulansi. Umufunse bwana wakoyo, ndipo tsiku limene mkulu uja sanabwere ku ntchito iwe usakwere. Helemeti ikhale ya lamba wa pachibwano, ya pa site ija imagwa ukangoweramuka.

Kamtengo_Jozi

Mwandifunsa funso lovuta madala, panopa mkulu uja akakwera pansi palibe wina amene angamutsitse, ndikaganiza bwino mwina ndi chifukwa chake bwana akufuna ndiphunzire. Ndilankhula nawo onse awiri Lolemba. Month end ndiyamba chingwe, ma karabina atatu ndi helemeti, hanesi mwezi winawo. Achimwene a ku Leeds lanyard yoyambira ikhale yaitali bwanji, ndipo ndingadule pa chingwe chomwecho ndikagula cha 50?

Nyani_wa_ku_Leeds

Eya mutha kudula, 4 kapena 5 mita ikwana, muwotche nsonga zisamasuke, mbali imodzi karabina pa mfundo ya scaffold yokoka bwino, pakati ka Prusik kosinthira kutalika, kumapeto mfundo yotsekera. Ya waya mkati mudzagula mukadzayamba za ma spike. Mukamanga jambulani muponye pano tione musanakwere nayo.